Phwete la M'bokosi

Madzulo ozizira a mwezi wa June, kaya pa Bembeke kaya pa Linthipe, ana athu amaunjikana m'kanyumba ka kanema kuonerera Mr Bean. Mkuluyo akangokwinya nkhope, phwete limabuka. Koma titatchera khutu bwino, tipeza kuti oyamba kuseka si ana athu ayi. Ndi khamu losaoneka la m'bokosimo, ndipo anawo amangotsatira pambuyo.

Pa Mr Bean, mwina khamulo lidaonadi seweroli. Koma ku America, kumene mchitidwewu udakulira, nthawi zambiri silinkaona kanthu. M'chaka cha 1950 sewero la The Hank McCune Show lidaulutsidwa ndi kuseka kojambuliratu. Posakhalitsa Charley Douglass, katswiri wa zamawu pa wailesi ya CBS, adapanga makina a mabatani onga a taipi, batani lililonse ndi kuseka kwakekwake: kwina kwa chikhakhali, kwina kwa chamumtima. Makinawo ankawatseka ndi loko kuti ena asaone za m'kati, ndipo kwa zaka pafupifupi 20 masewero ochuluka a dzikolo ankaseketsedwa ndi zala za banja lake.

Tisamunyoze msanga. Iye adazindikira chimene agogo athu ankachidziwa kale, chakuti kuseka kumapatsirana, ndipo munthu wayekha saseka mokwanira. Ngakhale pamaliro, adzukulu amaponya nthabwala kuti ofedwa apumeko.

Chotidandaulitsa nchina. Pabwalo la gule, Simoni wa nkhope yofiira uja akatuluka nayamba kutsanzira mayendedwe a mlendo, amayi amafa nalo phwete pokhapokha wavina bwino. Akalephera, m'manja mumazizira, ndipo iye amadziwa yekha kuti lero sizidayende. Malemu John Nyanga ndi Eric Mabedi, amene tinkawadziwa kuti Izeki ndi Jakobo, adakhwimira pamaso pa anthu otere, anthu okhoza kukhala chete. Chete ameneyu ndiye ankasula msangalatsi. Tsono makina sakhala chete. Nthabwala yozizira ndi yakupsa amazilandira chimodzimodzi, ndipo wolemba waulesi sadzudzulidwa ndi aliyense.

Nanga ana? Mwana wa zaka 6 sadziwa kuti choseketsa nchiti. Amaphunzira pomvera akulu. Bokosi likaseka munthu wachibwibwi, kapena nkhalamba imene yagwa, mwanayo amamva ngati mudzi wonse wavomereza, chikhalirecho palibe ndi mmodzi yemwe amene adafunsidwa.

Ena mwa opanga masewero adauona msampha umenewu. Eni sewero la M*A*S*H, lonena za madokotala a ku nkhondo ya ku Korea, limene lidayamba mu 1972, adalephera kuchotseratu kusekako, komabe adakana kuti kumveke m'chipinda cha opaleshoni. Wailesi ya BBC polionetsa ku Britain idakuchotsa konse, ndipo oonerera kumeneko ankasankha okha poti aseke ndi poti agwire chakukhosi.