Sukulu ikamafa mwakachetechete, adzadandaule ndani?

Pamisonkhano ya ZIP timakonda kunena kuti kuno ku Chifunde sukulu sizitsekedwa, zikungochuluka. Akuluakulu amakumbukira nthawi ya nkhondo, isanathe mu 1992, pamene sukulu zambiri za m'chigawo cha Tete zinali mabwinja ndipo ana ankaphunzirira ku Malawi kapena kumsasa wa Ukwimi ku Zambia. Poyerekeza ndi masiku amenewo, tapitadi patsogolo. Koma ine ndikuona kuti mawu amenewa amatigoneka tulo. Kuti ndifotokoze chifukwa chake, ndiyambe ndi dziko lina limene ana ake amaphunziranso m'zilankhulo ziwiri.

Ku Wales, m'dziko la Britain, sukulu zambiri zakumidzi zimaphunzitsa m'Chiwelishi, chilankhulo cha eni dera, pamodzi ndi Chingerezi. Kumeneko makhonsolo ndi amene amayendetsa sukulu, ndipo akaona kuti ana achepa amafuna kutseka kuti apulumutse ndalama. Makolo sakhala chete. Amachita misonkhano, amalemba makalata otsutsa, amafunsa kuti chiwerengero chimene khonsolo yatulutsa chachokera kuti. Mu 2018 boma la Wales linakhwimitsa malamulo: khonsolo isanatseke sukulu yakumudzi, iyenera kuonetsa kuti inayesa njira zina zonse. Mu 2019 khonsolo ya Anglesey inabweza chigamulo chake chotseka sukulu ya m'mudzi wa Bodffordd. Komabe lamulo silipulumutsa onse. Sukulu ya ku Abersoch, imene inatsala ndi ana osakwana khumi, inatsekedwa kumapeto kwa 2021 ngakhale anthu anatsutsa.

Chimene ndimasirira kwa anthu amenewa n'chakuti kutseka sukulu kumachitika poyera. Pamakhala kalata, tsiku, zifukwa zolembedwa, ndiponso nthawi yoti kholo liyankhe. Khonsolo imafunsidwanso kuti kutsekako kudzachita chiyani pa chilankhulo cha m'mudzimo. Munthu amadziwa chimene akulimbana nacho.

Kwathu kuno kalasi ya zilankhulo ziwiri imatha popanda kalata iliyonse. Mphunzitsi amene anaphunzitsidwa njira imeneyi amasamutsidwa, ndipo wobwera m'malo mwake sadziwa kulemba Chinyanja. Mabuku a Chinyanja amachedwa kapena amafika ochepa, mphunzitsi n'kutenga a Chipwitikizi chifukwa ndi amene alipo. Pakutha chaka, kalasi ija yasanduka ya chilankhulo chimodzi, koma palibe amene analengeza. Ana amene sakumva zimene zikunenedwa amayamba kujomba, ena amapita kumunda wa fodya, ndipo a m'malire, monga cha ku Cassacatiza, ali ndi sukulu za ku Zambia pafupi. Ana akachepa, ndalama za ADE nazo zimachepa, poti zimatengera chiwerengero cha ophunzira. Nyumba ya sukulu ili chilili, mbendera ikukwezedwa m'mawa uliwonse, koma chimene makolo analonjezedwa chapita.

Apa ndi pamene ndikutsutsana ndi momwe timayezera ntchito yathu. Maphunziro a zilankhulo ziwiri anayesedwa koyamba ndi pulojekiti ya PEBIMO kuyambira 1993 mpaka 1997, m'Chinyanja kuno ku Tete ndi m'Chichangana ku Gaza. Analowa m'sukulu za boma mu 2003, ndipo tsopano tili ndi ndondomeko yowafalitsa ya zaka za 2020 mpaka 2029. Malipoti athu amakonda kuwerenga sukulu zimene zayamba, aphunzitsi amene apita kumaphunziro, ndi zilankhulo zimene zawonjezedwa. Sukulu ikangolowa pamndandanda, imakhalabe pomwepo ngakhale Chinyanja chitasiya kumveka m'kalasi. Ife ofufuza tilinso ndi mlandu. Timabwera ndi mapepala athu, n'kuonerera phunziro limodzi lokonzedwa bwino chifukwa kwabwera alendo, n'kubwerera kumzinda. Funso lakuti ana amene anayamba kalasi yoyamba m'Chinyanja zaka zitatu zapitazo akuphunzitsidwa ndi ndani lero, sitilifunsa kawirikawiri.

Chomvetsa chisoni n'chakuti makolo akanatha kutithandiza. Feliciano Chimbutane, m'buku lake la mu 2011 lofotokoza za sukulu ziwiri za ku Gaza, anaonetsa kuti chilankhulo cha kumudzi chikalowa m'kalasi, makolo amayandikira sukulu ndipo nzeru zawo zimayamba kulemekezedwa. Ambiri mwa inu mwaziona nokha: agogo amene sankaponda pasukulu amatha kukonza mdzukulu wawo akalakwitsa mwambi. Tilinso ndi Conselho de Escola, bungwe limene mumakhala makolo, aphunzitsi, ophunzira ndi oimira mudzi. Koma timaliitana liti? Nthawi zambiri pakafunika kuumba njerwa, kukumba chimbudzi kapena kusaina za ndalama. Anthu amene anamanga makoma ndi manja awo sauzidwa pamene mphunzitsi wa Chinyanja akuchoka.

Wina anganene kuti Wales ndi dziko lolemera, ndipo ife tikusowa ngakhale madesiki. N'zoona, ndipo sindikunena kuti titengere malamulo awo. Akuluakulu a maphunziro kuboma nawonso amagawa aphunzitsi ochepa m'dera lalikulu la misewu yovuta, ndipo nthawi zina kusamutsa munthu sikungapeweke. Koma kuuza makolo zoona sikulira ndalama. Nkhani ya ku Abersoch ikutiphunzitsanso kuti anthu akayamba kudandaula ana atatha kale, amakhala achedwa.

Choncho ndikupempha zinthu zitatu, aphunzitsi anzanga. Poyamba, pamsonkhano woyamba wa Conselho de Escola chaka chilichonse, nenani m'Chinyanja makalasi amene ndi a zilankhulo ziwiri, mphunzitsi wa kalasi iliyonse, ndi mabuku amene afika. Chachiwiri, mphunzitsi wa kalasi yotere akamasamutsidwa, bungwelo lilembe kalata ku SDEJT yofunsa kuti wolowa m'malo ndi ndani ndiponso ngati amalemba Chinyanja, ndipo kope lake lisungidwe pasukulu. Chachitatu, pa ZIP lembani makalasi amene abwerera ku Chipwitikizi chokha, chaka chake ndi chifukwa chake. Imeneyi si miseche. Ndi umboni umene malipoti athu akusowa, ndipo ife a pulojekiti tiyenera kuufunsa tikabwera.

Kholo silingamenyere chinthu chimene silinauzidwe kuti chikutha. Inu ndi amene mumaona zimenezi poyamba, pamene kaundula wayamba kuchepa mayina ndipo bokosi la mabuku silinafike. Musadikire kuti benchi lomaliza likhale lopanda mwana.