Luso Lokonza Bwalo la Masewera Awiri

Bwalo la Eden Park, mumzinda wa Auckland ku New Zealand, linamangidwa pamalo amene kale anali dambo, ndipo pamaseweredwa rugby ndi cricket. Rugby imafuna bwalo la ngodya zinayi la udzu wofewa, poti osewera amagwetsana. Cricket imafuna bwalo lozungulira, pakati pake pali kachigawo ka dothi louma gwa, kotalika mamita 20. Amisiri amakonzera kachigawoka panja, m'chithireyi chachitsulo. Amakathirira, kukatsendereza ndi chogudubuza cholemera, n'kumeta udzu wake mpaka m'tsinde. Ntchitoyi ndi yofuna kudekha ndithu, chifukwa kabampu kakang'ono kamasocheretsa mpira. Nyengo ya cricket ikafika, amakanyamula pa chimakina n'kukakhazika pakati pa bwalo lomwelo, pomwe panachitikira mafainolo a Rugby World Cup mu 1987 ndi 2011.