Munda wa achule ndi agulugufe ku London

Kuseri kwa masiteshoni a King's Cross ndi St Pancras ku London, m'mbali mwa ngalande ya Regent's Canal, kuli kamalo ka maekala 2 okha kotchedwa Camley Street Natural Park. Kale sitima zinkakhuthulirapo malasha, ndipo ntchitoyo itatha pamalopo panangokhala bwinja. Mundawu unatsegulidwa mu 1985, ndipo amausamalira ndi a London Wildlife Trust. Simukololedwa chakudya cha munthu mmenemu. Eni ake ndi achule, njuchi, agulugufe ndi mbalame.

Chondigometsa pa minda yotereyi n'chakuti oikonza amakana chonde. Mlimi amathira manyowa, koma iwo amakondwera ndi dothi loguga, ngakhale losakanikirana ndi zidutswa za njerwa. Panthaka yachonde udzu umakula msanga n'kuphimba maluwa akutchire. Ndiye amadikira maluwawo akhwime, kenako amamweta. Udzuwo amausiya pansi masiku ochepa kuti njere ziyoyoke, n'kuuwola wonse, kuutulutsa, usawolere pomwepo n'kubwezeretsa chonde. Ena amafesanso kambewu kotchedwa yellow rattle, kamene mizu yake imakakamira ku mizu ya udzu n'kumayamwa chakudya. Udzu ukafooka, maluwa amapeza mpata.

M'mindamu amakumbanso dziwe, ndipo padziwepo m'pamene luso limaonekera zedi. Sakumba mozama ngati chitsime ayi. Gombe amalisalaza kuti litsike pang'onopang'ono, chifukwa madzi osaya amafunda msanga, mbululu zimakula bwino, ndipo kanyama kogweramo kamatha kukwawa n'kutuluka. Pansi amamata dongo lopondaponda, kapena kuyala chinsalu cha labala, kuti madzi asalowe m'nthaka. Nsomba saikamo, dala, poti zingamalize mbululu ndi ana a tombolombo. Zomera zam'madzi zikachulukitsa amazizula ndi manja, koma nyengo yoswana ikadutsa. Akazula sathamangira kukataya: amaziunjika m'mphepete mpaka mawa lake, kuti tizilombo tobisala m'mizu tibwerere tokha m'madzi. Wochita zimenezi ndi munthu wodziwa kuti m'matope amene wanyamulawo muli zamoyo.

Mtengo ukagwa sauwaza nkhuni. Amaudula zipika n'kuziunjika pamthunzi, zam'munsi zitakhudza dothi lachinyezi. Bowa amayamba kufewetsa mtengowo, mphutsi za zikumbu zimaboola njira mkati, ndipo kukazizira achule amalowa m'mipata kukabisala. Nthambi zing'onozing'ono amazipanikiza pakati pa mizere iwiri ya zikhomo, n'kukhala mpanda umene timbalame timabisalamo.