Phunziro la Phungu wa Dera: Kodi Likunena za Ife?

Atsogoleri anzathu a sukulu za kwacha, ambiri a inu muli nako kabuku kowerengera kaja kadalowa kuno kuchokera ku Malawi kudzera pa Nayuchi ndi Entre Lagos. Ife takawerenga konse, ndipo tiyambe ndi kukayamikira. Malembo ake ndi akuluakulu, oti agogo sachita kutsinzinira, ndipo Chinyanja chake nchomwe timalankhula ku Chiuta ndi ku Insaca. Koma muli phunziro limodzi limene latidetsa nkhawa, lija lonena za phungu wa dera.

Phunzirolo likuphunzitsa kuti dera lililonse limasankha munthu mmodzi, wodziwika dzina ndi nkhope, wokalilankhulira ku Nyumba ya Malamulo, ndipo kuti mjigo ukaonongeka anthu amulembere kalata. Kwa anansi athu a ku Machinga zimenezi nzoona. Kwa ife ai. M'kalasi lina mai wina adalemba kalata yoyamba m'moyo wake, yopempha mjigo, nafunsa kuti, "Aphunzitsi, nanga aphungu a Mecanhelas dzina lao ndani, ndilembe pa envelopupa?" Aphunzitsi adangoti kukamwa yasa. Sikudali kulakwa kwao, pakuti phungu woteroyo kulibe.

Mbiri yathu idayenda njira ina. M'nthawi ya Apwitikizi munthu wamba ankalamulidwa kudzera mwa mafumu oikidwa ndi boma, osafunsidwa kanthu. Ufulu utabwera mu 1975, chisankho cha 1977 chidali cha chipani chimodzi: pa msonkhano anthu ankavomereza kapena kukana maina obwera ndi Frelimo, ndipo ovomerezedwawo ndiwo ankasankha a pamwamba pao. Nkhondo itatha ndi pangano la ku Roma la pa 4 Okutobala 1992, tidavotera zipani zambiri koyamba mu Okutobala 1994. Pa mipando 250, Niassa yense, kuyambira kuno kufika ku mtsinje wa Rovuma, adawerengedwa dera limodzi la mipando 11: Frelimo 7, Renamo 4. Mu 1999 mipando idakhala 13, ndipo Renamo ndi zipani zogwirizana nayo idatenga 7, Frelimo 6.

Onani bwino pamenepa. Pa pepala lovotera aphungu timachonga chipani, osati munthu. Mipando imagawidwa molingana ndi mavoti, ndipo anthu amalowa potsata ndandanda ya maina imene chipani chidakonza kale. Mwana wa kuno atha kulowa ngati chipani chamuika chakumtunda kwa ndandandayo, komabe malamulo akuti deputado amaimira dziko lonse. Ubwino wake ngwakuti mavoti a chipani chachiwiri satayika, monga amatayikira kumene wopambana ndi mmodzi yekha. Kuipa kwake nkwakuti wosauka alibe khomo lenileni logogodapo, ndipo phungu amaopa wolemba ndandanda kuposa wovota. Kabuku kaja sikangatiuze zimenezi, chifukwa sikadalembedwere ife.

Makomo apafupi alipo, ngakhale ndi ochepa. Kuyambira 2009 timasankha nyumba ya chigawo yokumana ku Lichinga, ndipo boma lililonse lili ndi anthu ake m'menemo. Insaca idasanduka tauni yodzilamulira, nivotera atsogoleri ake koyamba pa 11 Okutobala 2023. Koma mkulu wa boma la Mecanhelas amachita kuikidwa. Chisankho cha maboma chimene chidalonjezedwa kuti chidzakhala mu 2024 chidaimitsidwa mu 2023.

Tsono sitikuti kabukuko mukataye. Phunzirolo liwerengeni monga nkhani ya anansi, kenaka lembani pa bolodi njira yathu, ophunzira ayerekeze okha. Auzeni kuti mipando ya Niassa imakwera kapena kutsika molingana ndi chiwerengero cha olembetsa kuvota, ndiye kuti wokhala pakhomo tsiku la kalembera akuchepetsa mau a chigawo chonse. Funsani ku ofesi ya boma maina a otiimira ku Lichinga, akhale mau oyeserera kulemba sabata imeneyo. Kalata ya mai uja idakalipo m'kope mwao. Ipite kwa mkulu wa boma, ina ikopedwe ipite kwa a ku Lichingawo, ndipo maina pa envelopu alembe okha mai ndi dzanja lao.