Mawu Akuti "Mwana" m'Nthano ndi m'Lamulo la Chuma cha Masiye

Nthano za mwana wamasiye zimene timamva ku Petauke ndi ku Nyimba kawirikawiri zimaika mlandu pa mayi wopeza: ndiye womana mwana nsima, ndiye womutuma kumadzi usiku. Ife tikuona kuti nthanozi, ngakhale n'zokoma, zimaphimba gwero lenileni la mavuto a ana pa ukwati wachiwiri. Gwerolo lili m'mawu akuti "mwana", amene ali ndi matanthauzo atatu.

Tanthauzo loyamba ndi la mwambo. Pakati pa Ansenga a Kalindawalo, mwana amatsata mtundu wa mayi wake, ndipo chuma cha mwamuna chinkapita kwa abale ake a bere limodzi ndi kwa ana a mlongo wake. Lachiwiri ndi la boma. Lamulo la Zambia la 1989, lotchedwa Intestate Succession Act, limati munthu akamwalira asanalembe wilu, magawo 50 pa 100 apite kwa ana, 20 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 kwa makolo, ndi 10 kwa amene ankadalira malemuyo. Mwana wa lamuloli ndi wobadwa m'ukwati kapena kunja kwake, kapena wotengedwa mwalamulo. Lachitatu ndi la pakhomo, pamene bambo amati "mwana wanga" ngakhale kwa mwana wopeza. Ameneyu lamulo silimuwerenga pa ana. Akapata kanthu, ndi pa magawo 10 aja.

Pa maliro a bambo wokwatira kawiri, matanthauzo atatuwa amakumana pabwalo limodzi, ndipo aliyense wonena kuti "chuma n'cha ana" amanena zoona m'tanthauzo lake. Nthano siifika pamenepa. Imasankha munthu mmodzi woipa, omvera nakhutira, pamene mkangano umabuka ngakhale onse ali a mtima wabwino.

Wilu, imene lamulo lina la 1989 limafuna kuti ilembedwe ndi kusainidwa pamaso pa mboni ziwiri, imathetsa kusamvekaku potchula mwana aliyense ndi dzina lake. Tikupempha aphunzitsi a Chinyanja kuti pophunzitsa nthanozi azifunsa ophunzira kuti wamasiye wa m'nthanoyo ndi mwana wa yani, pa mwambo, pa lamulo, ndi pakhomo. Wophunzira amene wayankha funso limeneli adzadziwa chifukwa chake wilu iyenera kutchula mayina.