Zolembedwa Kumsana kwa Batire

Batire la foni yanga ya mabatani linatupa mpaka chivindikiro chinakana kutsekeka. Mnyamata wokonza mafoni pafupi ndi depoti ya mabasi mu Zomba anandiikira latsopano, lakalelo n'kundipatsa m'manja. "Ili mukataye, bambo, latha." Ndili mu minibasi yopita ku Chinamwali ndinalitembenuza, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinawerenga zolembedwa kumsana kwake: timizere tochepa ta Chingerezi, zilembo zake ngati nyerere, ndi tizithunzi tiwiri m'munsi.

Pamwamba palembedwa Li-ion, 3.7V, 1000mAh. Mzere umenewu ndi wa wogula. Ukumuuza mtundu wa batire, mphamvu yake ndi kuchuluka kwa moto umene limasunga. Mabatire a lithium oterewa anayamba kugulitsidwa ndi kampani ya Sony mu 1991, ndipo lero ndi amene ali m'mafoni, m'malaputopu ndi m'mapawabanki amene timadalira magetsi akazima. Mzerewu sutchula zonse zili m'kati. Mabatire ambiri a mafoni ali ndi cobalt, mwala umene wambiri padziko lonse umakumbidwa ku Congo, cha ku Kolwezi. Kanthu kamene ndinauzidwa kuti ndikataye kanachokera m'migodi momwe anthu anakhetsa thukuta.

Kenako pakubwera machenjezo, ndipo onse ndi oletsa: musaliponye pamoto, musaliboole, musaliphwanye, musagunditse nsonga zake ndi chitsulo. Palibe lonama pamenepa. M'kati mwa batire muli kachikopa kopyapyala kolekanitsa mbali ziwiri, ndi madzi amene sachedwa kuyaka. Kachikopako kakang'ambika, batire limatentha lokha, limatulutsa utsi woipa, mwinanso kuphulika. Kutupa kwa langa kunali mpweya umene unadzadza m'katimo. Ndinaganiza za dzala la kuseri kwa nyumba yathu, limene timaliyatsa m'chilimwe masamba akachuluka, ana ali chapafupi pomwepo.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi kachithunzi koyamba: bini yodulidwa ndi mizere iwiri yopingasa. Iyang'aneni bwino biniyo. Ili ndi chivindikiro, ilinso ndi mateyala. Ndi bini imene munthu amaikankhira kumsewu m'mawa kuti galimoto ya zinyalala idzaikhuthule. Ku Chikanda, ku Sadzi kapena kumtunda ku Ku Chawe, ndi makomo angati ali ndi bini yotere? Zinyalala zathu zimapita kudzala, kuchimbudzi chokumba, kapena mu ngalande. Wojambula chithunzichi ankalankhula ndi munthu wina, wa kwina.

Kwinako ndi ku Ulaya. Lamulo la mayiko a European Union la mu 2006 linalamula kuti mabatire azikhala ndi chizindikirochi, ndipo lamulo lomwelo linati masitolo ogulitsa mabatire azilandira otha ntchito popanda kulipiritsa. Munthu wa kumeneko akaona bini yodulidwa amadziwa kale kopita: bokosi lili pakhomo pa sitolo. Uthenga wake uli pawiri, "musataye apa" ndi "bweretsani kuno". Kwathu kuno batire linafika ndi mbali yoletsa yokha, bokosi linatsala komweko. Ndiye munthu womvera, amene wawerenga ndi kumvetsa, achite chiyani? Wamuletsa dzala, wamuletsa moto, koma sunamulozere njira.

Pali chinanso chofunika kuchidziwa pa chithunzi chomwechi. Nthawi zina pansi pa biniyo pamalembedwa Pb, Cd kapena Hg. Pb ndi mtovu, umene uli m'mabatire a galimoto ndi a sola ambiri. Cd ndi cadmium wa m'mabatire akale otchaja. Hg ndi mercury. Zonse zitatu ndi poizoni. Mtovu umawononga ubongo wa mwana. Langa linalibe zilembozi, komabe chikombole chake chikadyeka ndi dzimbiri, zitsulo za m'katimo zimalowa m'nthaka. Mvula ya m'phiri la Zomba sisiya kanthu m'ngalande. Imakokolera zonse mu Mulunguzi ndi mu Likangala, ndipo Likangala amakathira m'nyanja ya Chilwa, kumene kumachokera matemba a pamsika wathu.

Kachithunzi kachiwiri ndi mivi itatu yothamangitsana. Kakulonjeza kuti batire likhoza kubwerera kufakitale. N'zoona: ku Hoboken m'dziko la Belgium, kampani ya Umicore imasungunula mabatire otha n'kuchotsamo cobalt, nickel ndi kopa. Koma palibe amene angatumize batire limodzi kutsidya kwa nyanja. Mabatire amayenera kusonkhanitsidwa kaye ambirimbiri, ndipo apa ndi pamene lonjezo la miviyo likudukira. Ogula zitsulo zakutha amafuna mabatire a galimoto chifukwa mtovu uli ndi msika. Kabatire ka foni sakayang'anako n'komwe.

Ine ndikuti zolembedwazi n'zoona koma n'zosakwanira, ndipo chotsalacho tiyenera kuchilemba tokha, m'Chichewa. Lamulo lathu losamalira chilengedwe la mu 2017 linakhazikitsa bungwe loteteza chilengedwe la MEPA, khonsolo ya mzinda ilipo, ogulitsa mafoni aliponso. Poyambira pake sipafuna ndalama zambiri: ndowa yachitsulo ya mchenga pa benchi iliyonse ya okonza mafoni, chifukwa mabatire otupa amachotsedwera pamenepo, ndi malo amodzi otetezeka kumene khonsolo ingamawasunge.

Langa lija sindinalitaye. Ndinamata nsonga zake ndi selotepi, ndinaliika m'chitini cha mchenga, n'kuchikweza pashelefu kutali ndi mbaula. Nanunso amene muli nalo m'dirowa, chitani chomwecho lero, ndipo khansala wanu akabwera kudera mumufunse kumene tizikasiya mabatire otha.