Dzanja Losunga Nyimbo ku Chiweta

Pa Chiweta, pomwe msewu wa M1 umatsika phiri n'kukumana ndi nyanja, tchalitchi chimodzi chimatha kusonkhanitsa msodzi, wogwira ntchito ku mgodi wa malasha wa Mchenga ndi agogo amene anakulira pa buku la nyimbo la Sumu za Ukhristu. Aliyense amabwera ndi liwiro lake la nyimbo. Wowagwirizanitsa ndi mnyamata wa pa madiramu, yemwe ambiri samutembenukira n'komwe.

Luso lake limaonekera pa sumu yodekha. Mpingo umakonda kukoka mawu kumapeto kwa mzere, ndipo pofika vesi lachitatu nyimbo imakhala italemera. Wosakhwima amalimbana nawo, kumenya mwamphamvu kuti amutsate. Katswiri satero. Amasiya phazi likugunda pansipansi, kamtengo kakukhudza chitsulo mopepuka, n'kudikira pamene amayi akupuma mpweya. Pomwepo ndiye amalowa, kachidutswa chabe patsogolo pawo, ndipo mpingo umadzuka osadziwa kuti wakokedwa. Ndimaona kuti apa ndiye pagona ukatswiri wonse, poti ng'oma zoikiratu za mu kiyibodi sizingathe zimenezi. Makina sadikira nkhalamba.

Ngakhale sumuzo si za mtundu umodzi. Pamwamba pa phiri pali Livingstonia, pomwe Robert Laws anakhazikitsa mishoni mu 1894, ndipo nyimbo zambiri zinabwera ndi anthu a ku Scotland. Koma mmishonale Donald Fraser analimbikitsa Akhristu kupeka zawo, motero Peter Thole, Charles Chinula ndi Mawelera Tembo anasiya sumu zoyenda m'kaimbidwe ka kwathu konkuno, mmodzi kutsogolera, gulu n'kuvomera. Woimba ng'oma wabwino amazisiyanitsa mzere woyamba usanathe. Ya ku Scotland amaiyendetsa mowongoka. Ya kwathu amaisiyira mpata wa kuwomba m'manja.

Ikafika nthawi ya chopereka, zonse zimasintha. Wotsogolera amangodzutsa kolasi osachenjeza, mwina ya rege, mwina ya rumba ya ku Congo yofuna timitengo tothamanga, mwina yoponda ngati malipenga a m'mbali mwa nyanja. Mnyamata uja sasuzumira pepala. Amayang'ana phewa ndi phazi la wotsogolera, ndipo amawoloka kuchoka pa kagundidwe kena kupita pa kena popanda ovina kupunthwa.

Amadziwanso choti asiye panja. Khutu lake linakula likumva ng'oma za vimbuza, gule wa machiritso wa Atumbuka amene bungwe la UNESCO linamulemekeza mu 2005, koma amazindikira kuti akulu a mpingo akazimva m'kachisi mitima yawo ichoka pa pemphero. Mlaliki akayamba kupempherera odwala, iye amagoneka timitengo pamwendo.

Inu abusa ndi atsogoleri a makwaya, musamukankhire mnyamatayu kungodya kuseri kwa masipika. Muikeni pomwe angaone wotsogolera ndi mpingo, ndipo muzimuitana pokonzekera nyimbo mkati mwa sabata.